Thumba la Nkhalamba Zofooka: Phunziro la ku Germany

Pali matenda amene sing'anga amachiza, munthu nadzuka kubwerera ku nchito yake. Pali ena amene amapha msanga, abale nalira maliro, moyo nupitirira. Koma palinso kufooka kwina kumene sikuchira, ndiponso sikupha msanga: munthu amene adafa ziwalo mbali imodzi, nkhalamba imene idagwa nithyoka pfupa la m'chiuno, gogo amene nzeru zake zirikuzimirira kotero kuti sazindikira ngakhale mwana wobala yekha. Munthu wotere chimene asowa koposa si mankhwala. Asowa manja a munthu wina omudzutsa, omusambitsa, omubveka, omudyetsa, omutembenuza usiku kuti asatuluke zilonda kumsana, omuperekeza kuchimbudzi. Ndipo manjawo afunika lero, mawa ndi mkuja, mwina mpaka zaka 5 kapena 10.

Kudwazika kotere kuli ndi mtengo wake, ngakhale pamene palibe ndalama imene yaoneka ndi maso. Mwana wamkazi akakhala pakhomo kusamala mai wake, munda wake umasanduka tchire, kapena nchito yake ya pamwezi imatha. Akalembedwa munthu wapadera, ayenera kulipidwa, ndipo munthu mmodzi sangagwire usana ndi usiku womwe. M'maiko amene anthu amakhala ndi moyo zaka zambiri koma amabala ana owerengeka, bvuto limeneli lidakula mpaka kulowa m'Nyumba za Malamulo. Phunziro lino lifotokoza njira imene dziko la Germany lidasankha mu 1994, pamene lidalamula kuti munthu aliyense alowe m'inshuwalansi yolipira chisamaliro cha anthu ofooka. Pa chinenero chao amaitcha Pflegeversicherung, ndiye kuti inshuwalansi ya kusamalidwa.

Kodi kudzisungira wekha sikukwanira?

Inshuwalansi ndi pangano la anthu ambiri amene tsoka limodzi lingathe kuwagwera, koma osadziwa kuti lidzagwera yani. Aliyense amaponya pang'ono m'thumba limodzi, ndipo amene tsoka lamgwera ndiye amatapamo. Munthu amene adakhalapo m'bungwe lothandizana pa maliro adziwa kale mutu wa nkhaniyi. Komabe pali kusiyana kwakukulu. Maliro adzafika kwa aliyense, kamodzi kokha, ndipo mtengo wa bokosi ndi ufa wa olira ungathe kuwerengedwa pasadakhale. Kufooka kwa ukalamba sikutero. Wina amafika zaka 90 alikuyenda yekha, namwalira m'tulo osabvutitsa munthu ndi tsiku limodzi lomwe. Mnzake wobadwa naye chaka chimodzi amagona pakama zaka 8.

Tsono munthu wanzeru amene afuna kudzisungira ndalama za masiku amenewo, asunge zingati? Akasunga za chaka chimodzi, mwina zidzatha iye akali moyo. Akati asunge za zaka 10, adzadzimana moyo wake wonse chifukwa cha tsoka limene mwina silidzabwera, ndiponso wa malipiro ochepa sangazikwanitse nkomwe. Chakudza sichiimba ng'oma. Koma chimene sichidziwika pa munthu mmodzi chimadziwika pa anthu chikwi. Odziwa masamu angathe kunena kuti mwa anthu chikwi ndi angati amene adzafooka, ngakhale sangatchule maina ao, ndipo potero angathe kuwerenga chimene aliyense ayenera kuponya kuti thumba lisaume.

Denga lodontha mbali imodzi

Dziko la Germany ndilo lidatsogolera maiko ena pa nkhani ya mathumba otere. Otto von Bismarck, nduna yaikulu ya dzikolo, adakhazikitsa inshuwalansi ya matenda ya anthu a panchito mu 1883, ya ngozi za panchito mu 1884, ndi ya penshoni mu 1889. Ya anthu osowa nchito idadza mu 1927. Nsanamira zinaizi zidaimika nyumba zaka zambiri, koma mbali imodzi ya denga idali yodontha. Thumba la matenda linkalipira dokotala, mankhwala ndi chipatala pamene pali chochiza. Dokotala akangonena kuti apa mankhwala afika pomalizira, chotsala nkusamala basi, thumbalo linkasiya. Penshoni nayo idapimidwa kuti ikwanire chakudya, chobvala ndi nyumba ya munthu wodzisamala yekha, osati malipiro a anamwino.

Chimene chinkachitika ndi ichi. Munthu wagwira nchito zaka 40, sadakongolepo, sadapemphepo kanthu ku boma. Akafooka nalowa m'nyumba yosungiramo okalamba, mtengo wa pamwezi unkaposa penshoni yake kutali. Ankayamba kudya zimene adasunga, zikatha ankagulitsa katundu, ndipo potsiriza ankalembetsa ku ofesi ya chithandizo cha amphawi. Ofesiyo inkalipira ndithu, koma pambuyo pake inkalembera kalata ana a munthuyo, kufunsa malipiro ao ndi kuwauza kuti abwezeko. Ambiri mwa okhala m'nyumba zimenezo adali pa chithandizo cha amphawi, osati chifukwa adali aulesi kapena omwaza chuma, koma chifukwa adakhala ndi moyo nthawi yaitali ali ofooka. Manyazi ake adali akulu. Nawo maboma a mizinda, amene ankasenza ndalama zimenezi, adayamba kudandaula kuti zinthu zina zonse zirikuima. Anthu adakangana za nkhaniyi zaka ngati 20.

Amene adaifikitsa kumapeto ndi Norbert Blüm, nduna ya za nchito m'boma la Helmut Kohl kuyambira 1982 mpaka 1998. Iyeyu adabadwira ku Rüsselsheim mu 1935, ndipo asanapite ku maphunziro akuya adali mmisiri wosula zipangizo pa fakitale ya magalimoto ya Opel. Adali Mkatolika woleredwa m'chiphunzitso cha Eklezia pa za anchito ndi umoyo wa anthu pamodzi, chimene chimati banja lichite zimene lingathe, ndipo gulu lalikulu lithandize banjalo pamene mphamvu zake zaperewera, koma osalilanda udindo wake. Maganizo amenewa aoneka poyera m'lamulo limene adalimbikira. Lamulolo lidatuluka mu May 1994. Kusonkha kudayamba pa 1 January 1995, chithandizo cha osamalidwa pakhomo pa 1 April chaka chomwecho, ndipo cha okhala m'nyumba za okalamba pa 1 July 1996.

Nchifukwa ninji adakakamiza aliyense?

Apa ndi pamene padali mkangano waukulu. Eni mafakitale ndi andale ena ankati munthu aliyense adzigulire yekha inshuwalansi ku makampani, ndipo ndalama zake zisungidwe ndi kuswana kufikira ukalamba wake. Mau amenewa amamveka bwino, koma ali ndi zilema ziwiri. Choyamba, njira yotere ithandiza mnyamata amene ali ndi zaka 40 zoponyera; nanga nkhalamba imene yagona kale lero, adzailandira ndani? Chachiwiri nchobisika pang'ono. Kulowa kukakhala kwa kufuna kwa munthu, achinyamata ndi amphamvu salowa, poti ukalamba amauona ngati phiri lakutali. Amalowa ndi okhawo amene ayamba kumva m'thupi kuti zinthu sizili bwino. Thumba likadzala ndi anthu otere, otapa amachuluka kuposa oponya, mtengo umakwera, ndipo kukwerako kumathamangitsa amphamvu ochepa amene adatsalamo, mtengo nukweranso.

Zimene zidaoneka ku America zichitira umboni. Kumeneko makampani ndiwo amagulitsa inshuwalansi yotere, ndipo amakana munthu amene wayamba kale kudwala. Ngakhale zidali choncho, ambiri adalakwitsa masamu ao. Ogula adakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa m'mene ankayembekezera, osiyira panjira adachepa, ndipo chiongoladzanja cha ndalama zosungidwa chidatsika. Makampani ambiri adaleka kugulitsa, ndipo otsala adakweza mtengo kwa nkhalamba zimene zidaponya kale zaka zambiri. Mu 2010 boma la Barack Obama lidaika m'lamulo lake la za umoyo thumba la boma lochedwa CLASS, lolowa amene afuna. Mu October 2011 boma lomwelo lidabvomera kuti silikuona njira yoti thumbalo liime palokha, ndipo mu January 2013 lidafafanizidwa lisanalandire ndi munthu mmodzi yemwe.

Ajeremani tsono adati: aliyense amene ali m'inshuwalansi ya matenda, ali m'inshuwalansi ya kusamalidwa. Amene matenda ao amalipira ndi kampani, ayenera kugula ya kusamalidwa ku kampaninso, ndipo chithandizo chake chikhale chofanana ndi cha anzao. Ndalama sizisungidwira munthu payekha. Zoponyedwa mwezi uno ndizo zisamala ofooka a mwezi uno, monga momwe chimanga cha chaka chino chimadyetsa ndi nkhalamba zomwe zimene sizidagwire khasu. Nchifukwa chake anthu amene adali ofooka kale mu 1995 adayamba kulandira pomwepo.

Padatsala dandaulo la olemba nchito, amene adauzidwa kuti aziponya theka. Kuti awatonthoze, boma lidachotsa tsiku limodzi la tchuthi. Tsikulo lidali la kulapa ndi kupemphera la Akristu Achiprotestanti, limene limakhala Lachitatu lina m'mwezi wa November. Kuyambira 1995 anthu amagwira nchito pa tsiku limenelo m'zigawo zonse kupatula Saxony. Anthu a ku Saxony adasunga tchuthi chao, koma amachigula, pakuti wanchito wa kumeneko amaponya theka la euro koposa anzake pa ma euro 100 alionse a malipiro ake.

Za kasonkhedwe, ndi mlandu wa bambo wa ana 10

Poyamba chopereka chidali euro imodzi pa 100 ilionse ya malipiro, kunena monga mwa ndalama za lero, pakuti nthawi imeneyo Ajeremani ankagwiritsa nchito ndalama yao yakale. Mu July 1996 chidafika pa 1.7, ndipo chakhala chikukwera mpaka 3.6 mu January 2025. Mwa chitsanzo, pa mlingo wa 2025, munthu wolandira ma euro 3,000 pamwezi thumba limalandira 108 pa dzina lake: 54 kuchokera kwa iye, 54 kwa womlemba nchito. Mkazi kapena mwamuna wake wosakhala panchito ndi ana ao amaphimbidwa ndi chopereka chomwecho. Opuma nchito nawo amaponyabe kuchokera pa penshoni yao. Wolemera amaponya zambiri, wosauka zochepa, koma akafooka mofanana amalandira mofanana.

Bambo wina wa ana 10 adakasuma ku bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, limene limakhala ku Karlsruhe. Mlandu wake udali wakuti thumba lotere limaima chifukwa cha ana, pakuti ana a lero ndiwo adzaponye mawa pamene oponya a lero adzakhala atagona. Tsono wolera ana amasonkha kawiri, ndalama ndi anthu, pamene wopanda mwana amasonkha kamodzi. Nanga alipiriranji mofanana? Pa 3 April 2001 oweruza adagwirizana naye. Kuyambira January 2005 munthu wopanda mwana amene wakwanitsa zaka 23 amaonjezera pa chopereka chake, ndipo womlemba nchito samthandizapo. Choonjezeracho chidayamba ndi 0.25 pa 100, ndipo mu July 2023 chidafika pa 0.6. M'chaka chomwecho, potsata chiweruzo china cha mu 2022, adayamba kuwerenga kuchuluka kwa ana: kuyambira mwana wachiwiri mpaka wachisanu, aliyense wosafika zaka 25 amatsitsa chopereka cha kholo ndi 0.25. Pa malipiro aja a 3,000, wopanda mwana amaponya 72, wa mwana mmodzi 54, wa ana ang'ono atatu 39.

Chiweruzo chimenechi nchomveka pa masamu, komabe chili ndi mbali yowawa. Si onse opanda ana amene adasankha kukhala choncho, ndipo munthu amene adalira mwana zaka zambiri osampeza amakumbutsidwa chisoni chake mwezi ndi mwezi pa pepala la malipiro. Lamulo lidafewetsako pang'ono, pakuti mwana wolera ndi mwana wompeza amawerengedwa, ndipo kholo limene mwana wake adamwalira limakhalabe kholo mpaka imfa.

Kupima kufooka

Munthu sangangonena kuti wafooka nayamba kulandira. Iye kapena abale ake amalemba pempho ku thumba, ndipo thumbalo limatuma namwino kapena dokotala wa bungwe lopima kuti akamuone kumene akhala. Kufookako kuyenera kukhala koti kudzatha miyezi 6 kapena kuposa. Wothyoka mwendo amene adzayenda pakapita masabata owerengeka sali m'gulu limeneli.

Kufikira 2016 opima ankawerenga mphindi. Ankafunsa kuti kusambitsa kumatenga mphindi zingati, kudyetsa zingati, kubveka zingati, ndipo kuti munthu alowe pa mlingo woyamba zinkafunika mphindi 90 pa tsiku. Njira imeneyi idalakwira gulu lalikulu la anthu, ndiwo odwala matenda a kuiwala. Gogo wotere ali ndi miyendo yamphamvu ndi manja amphamvu. Angathe kusamba ndi kubvala yekha. Koma amaiwala kuti wayatsa moto, amatuluka pakati pa usiku kukafuna mudzi wa ubwana wake, amamwa mankhwala kawiri kapena osamwa konse. Womsamala sagona tulo, koma pa pepala la mphindi zonsezi sizinkaoneka. Mu 2017 adasintha funso lenilenilo. Adaleka kufunsa kuti wosamala amataya nthawi yotani, nayamba kufunsa kuti munthuyu angathe kuchita chiyani payekha. Amayang'ana kayendedwe kake, kuzindikira ndi kulankhula kwake, makhalidwe ndi nkhawa zake, kudzisamala m'thupi, kutsata mankhwala ndi malangizo a dokotala, ndiponso kulongosola tsiku lake ndi kucheza ndi anthu. Amapereka mamalikisi monga pa mayeso a kusukulu, kungoti pano wolephera kwambiri ndiye amapata ambiri. Mwa mamalikisi 100, kudzisamala m'thupi kumatenga 40. Milingo ilipo 5, ndipo wachisanu ndi wa munthu amene sangachite pafupifupi chiri chonse.

Odziwa nchitoyi amachenjeza mabanja za chinthu chimodzi chimene chimachitika kulikonse kumene kuli nkhalamba. Pa tsiku la kupimidwa, gogo amene sabata yonse sadathe kudzuka yekha amadzilimbitsa pamaso pa mlendo, nabvala bwino, nayankha kuti zonse amachita yekha, poti palibe munthu wamkulu amene akonda kuulula kwa mlendo kuti amaonongera pogona. Mlendo akapita, banja limalandira mlingo wotsika. Nchifukwa chake amalangiza kuti wosamala alembe tsiku ndi tsiku zimene amachita, ndipo akhalepo pa nthawi yopima. Wosakhutira ali ndi mwezi umodzi wochitira apilo.

Ndalama m'manja, kapena namwino pakhomo

Lamulo limati kusamalidwa pakhomo kutsogole, nyumba ya okalamba ibwere pambuyo. Wofooka amene ali pakhomo amasankha. Angathe kulandira ndalama m'manja mwake kuti athokoze nazo mbale womsamala. Mu 2025 zidali ma euro 347 pamwezi pa mlingo wachiwiri, 599 pa wachitatu, 800 pa wachinai ndi 990 pa wachisanu. Kapena angathe kuitana anamwino oyendera m'makomo, thumba nililipira iwowo mpaka 796 pa mlingo wachiwiri ndi 2,299 pa wachisanu. Angathenso kusakaniza ziwirizi. Ambiri mwa anamwinowa ndi a makampani, ndipo ena ndi a mabungwe a mipingo, monga Caritas ya Akatolika ndi Diakonie ya Achiprotestanti. Palinso ndalama zokonzera nyumba, monga kukuza khomo kuti njinga ya wodwala ilowe, ndi zolipira wogwirizira pamene wosamala wadwala kapena afuna kupuma.

Chinthu china chimene sichitchulidwa kawirikawiri ndicho chachilungamo koposa. Munthu amene asamala mbale wake maola 10 kapena kuposa pa sabata, ndipo nchito yake ya malipiro sipitirira maola 30, thumba limamponyera ndalama ku penshoni yake. Kale mkazi amene adasiya nchito zaka 7 kuti adwazike apongozi ake ankadzapeza penshoni yake ili yoperewera, kotero kuti chifundo chake chinkamubalira umphawi pa ukalamba wake womwe.

Dziko la Japan, limene lidayamba inshuwalansi yake mu April 2000 litaphunzira za ku Germany, lidakana mbali imodzi imeneyi ya ndalama za m'manja. Kumeneko mwambo unkasenzetsa mtengwa, mkazi wa mwana wamwamuna woyamba, nchito yonse yosamala makolo a mwamuna wake. Mabungwe a akazi adaopa kuti boma likayamba kupereka ndalama ku banja, ndalamazo zidzalowa m'thumba la mwini nyumba, mtengwa natsala womangidwa monga kale, ndiponso tsopano adzauzidwa kuti alikulipidwa. Motero ku Japan thumba limalipira nchito ya osamala olembedwa, ndipo aliyense amayamba kuponya akafika zaka 40. Maiko awiriwa adaona bvuto limodzi, koma wina adaopa kulanda banja udindo wake, mnzake adaopa kusiya mkazi mmodzi pansi pa mtolo.

Pamene thumba liperewera

Owerenga asaganize kuti nkhalamba ya ku Germany idatha nkhawa. Kuchokera pa chiyambi, inshuwalansi imeneyi idapangidwa kuti izilipira gawo chabe, osati zonse. Munthu akalowa m'nyumba ya okalamba, thumba limapereka ndalama yoikika ya chisamaliro, imene mu 2025 idali kuyambira ma euro 805 mpaka 2,096 pamwezi monga mwa mlingo. Chotsala cha chisamaliro, chakudya, chipinda ndi kukonzetsa nyumbayo, zonsezi ndi za mwini wake. Malipiro a anamwino atakwezedwa, monga kudayeneradi, mbali ya mwini wake idakwera nayo. Pakati pa chaka cha 2025 munthu wa m'chaka chake choyamba m'nyumba yotere ankalipira yekha ma euro oposa 3,000 pamwezi, kutenga pakati ndi pakati m'dziko lonse, ndipo penshoni ya anthu ambiri sifika pamenepo. Kuyambira 2022 thumba limaonjezera chithandizo malinga ndi zaka zimene munthu wakhalamo, komabe ambiri alikubwereranso ku ofesi ya amphawi imene lamulo lidafuna kuwachotsako. Chimene chidasintha nchakuti kuyambira 2020 ofesiyo silondola mwana pokhapokha ngati amalandira zoposa ma euro 100,000 pa chaka.

Chiwerengero nacho chirikukula. Mu 1999 olandira chisamaliro adali ngati 2 miliyoni. Pakutha pa 2023 adali 5.7 miliyoni. Kwina kwa kukulaku kudadza chifukwa cha kapimidwe katsopano ka 2017, kwina chifukwa cha kuchuluka kwa nkhalamba. Ndipo ana ambirimbiri amene adabadwa pakati pa 1955 ndi 1969 ndi amene alikusiya nchito tsopano, pamene obadwa pambuyo pao ndi ochepa. Thumba lodalira oponya a mwezi uno limabvutika pamene oponyawo alikuchepa.

Koma chiwerengero chophunzitsa koposa ndi ichi: mwa anthu 5.7 miliyoni aja, 86 pa 100 alionse ankasamalidwa pakhomo, ndipo oposa 3 miliyoni ankasamalidwa makamaka ndi abale ao okha. M'dziko lolemera chotero, patapita zaka pafupifupi 30 chikhazikitsire thumba, nchito yaikulu idali ikali m'manja mwa akazi a odwala, amuna ao ndi ana ao, makamaka ana aakazi. Ndalama imagula bedi lokwera ndi kutsika, imalipira namwino wobwera m'mawa ndi madzulo, koma pakati pa usiku amene amadzuka ndi wa m'nyumba momwemo. Mabanja amene alibe munthu wotere amalemba akazi ochokera ku Poland, Romania ndi Bulgaria kuti azigona m'nyumbamo. Mu June 2021 bwalo lalikulu la milandu ya anchito lidaweruza, pa mlandu wa mai wina wa ku Bulgaria, kuti maola amene wosamala amakhala tcheru kudikira kuitanidwa ayenera kulipidwa nawonso. Akazi amenewa nawo ali ndi makolo okalamba kwao, amene amatsala ndi wina kapena amatsala okha.

Nkhani yomweyi adziwa bwino anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amene amagwira nchito m'nyumba za okalamba ku England, ambiri a iwo atapita pamene boma la Britain lidatsegula khomo kwa osamala ochokera kunja mu February 2022, khomo limene lidatsekedwanso mu July 2025. Kumeneko kulibe inshuwalansi yonga ya ku Germany. Chipatala nchaulere, koma chisamaliro cha munthu wofooka si chaulere. Amene chuma chake chiposa mapaundi 23,250 amalipira yekha zonse, ndipo akalowa m'nyumba ya okalamba, nyumba yake imawerengedwa pa chumacho ngati mulibe mkazi, mwamuna kapena mbale wina womdalira. Mu 2011 bungwe lotsogozedwa ndi Andrew Dilnot lidalangiza kuti pakhale malire a ndalama zimene munthu mmodzi angalipire pa moyo wake wonse. Maboma otsatizana adabvomera, nazengereza. Mu 2021 adalengeza malire a mapaundi 86,000, nazengerezanso. Ndipo mu July 2024 adazisiyiratu. Tsono wosamala wochokera ku Blantyre kapena ku Harare amasambitsa nkhalamba imene nyumba yake yagulitsidwa kuti iye alipidwe, ndipo pakutha pa mwezi amatumiza gawo la malipirowo kwao kwa mlongo wake amene alikusambitsa mai wao.

Norbert Blüm adakhala ndi moyo mpaka kuona thumba lake likukwanitsa zaka 25. Mu 2019 adadwala matenda oopsa a m'magazi, nakomoka nthawi yaitali, ndipo podzuka adapezeka kuti wafa ziwalo kuyambira m'mapewa kutsika. Munthu amene adazolowera kuimirira m'Nyumba ya Malamulo adayamba kudzutsidwa, kusambitsidwa ndi kudyetsedwa ndi manja a ena. Mu March 2020 adafotokoza poyera m'nyuzipepala ya Die Zeit za umoyo wake watsopanowo wa pa njinga ya odwala. Adamwalira ku Bonn pa 23 April 2020, ali ndi zaka 84.